Agogo a zaka 74, msana ukupweteka: tiwawongole mokankha?

Wa fizo: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Agogo aakazi a zaka 74, msana unayamba mwadzidzidzi atanyamula ndowa ya madzi. Ululu uli pamwamba pa chiuno, ukukula akakhala kapena akadzuka, akagona chagada ukuchepa. Ana awo akufuna tiwawongole mokankha mpaka mfundo zilire, ati ku Joni achibale anachira choncho. Amamwa TLD, mankhwala a ma ARV.

Chiropractor (katswiri wowongola msana): Achimwene, musawakankhe. Ululu wobwera mwadzidzidzi pa msinkhu umenewu, chifukwa cha katundu wosalemera kwenikweni, tiziutenga ngati fupa la msana laphwanyika mpaka X-ray itatsutsa. Limakonda kuphwanyika pa T12 ndi L1, mafupa a msana a pamene nthiti zimathera. Gogodani pang'onopang'ono ndi chibakera fupa lililonse. Lophwanyikalo adzalumpha nalo. Aimikeni chotsamira khoma: ngati nkhongo siikufika pakhoma, kapena pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno pakulowa zala ziwiri zokha, msana wafupika kale. Tenofovir wa mu TLD amachepetsanso mphamvu ya mafupa. Funsaninso ngati amamwa mankhwala a prednisolone, nawonso amafooketsa mafupa.

Clinical officer wa mafupa: Ndikugwirizana nazo, koma kuno kwathu musaiwale TB ya msana. Imakonda malo omwewo. Afunseni za kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda, ndi ululu wosaleka ngakhale atagona. X-ray ikhale ya chammbali. TB imadya mafupa awiri oyandikana pamodzi ndi disc, kamtsamiro kofewa ka pakati pawo. Kuphwanyika kwa osteoporosis (kufooka kwa mafupa) kumasiya disc ili bwino. Mkodzo ukatsekeka, miyendo ikafooka, kapena pakachita dzanzi pokhalira, atumizeni kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Wa fizo: Nanga akapezeka kuti ndi kuphwanyika chabe?

Chiropractor: Fupa limagwirana pakati pa masabata 6 ndi 12. Asangogona pamphasa, mafupa amafookerako. Aziyenda pang'ono kangapo patsiku. Podzuka atembenukire chammbali thupi lonse pamodzi, kenako adzikankhe ndi mkono. Kuwerama ndi kupotoza msana ayi, choncho tsache lalifupi ndi khasu zipume. Ululu ukatsika, yambani zolimbitsa minofu yowongola msana, ndi kudzuka pampando kakhumi osagwira.

Clinical officer wa mafupa: Panado 1 g katatu patsiku. Diclofenac ndi Brufen mupewe, impso za agogo zikulemedwa kale ndi tenofovir. Auzeninso a ku ART (kolandirira ma ARV) aone creatinine, muyeso wa m'magazi wosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito.