Malume anga ayamba kufunsa za Yesu, ndiwathandize bwanji?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndigawireniko nzeru. Malume anga ndi msodzi wa usipa kuno ku Makawa. Zaka zonsezi ndalama za nsomba zakhala zikuthera ku kachasu, moti ine ndinali nditasiya kuwapempherera. Lachiwiri m'mawa, akusoka ukonde pamchenga, anandifunsa chapansipansi kuti, "Mphwanga, kodi Yesu angalandire munthu ngati ine?" Ndinangoti kakasi. Ndinawafotokozerako za Zakeyu wa pa Luka 19, mawu n'kundithera.

Kuwerenga satha, ndipo amamva bwino Chiyao kuposa Chichewa. Kutchalitchi akuopa kulozedwa zala. Ndiwaitanire abusa kunyumba, kapena ndiyambe ndekha kupemphera nawo madzulo asanalowe panyanja? Nanga alipo ali ndi Baibulo lomvetsera la Chiyao pafoni?