Mulu wa manyowa a chimato sukuwola, vuto lili pati?

Kalabu ya alimi, Mchinji: Akuluakulu, tithandizeni. Mapesi a chimanga a mamembala onse anaunjikidwa pamodzi n'kumatidwa ndi dothi. Miyezi iwiri yatha koma mapesi akadali gwa ngati adulidwa dzulo. Chalakwika n'chiyani?

Mlangizi wopuma: Mapesi okhaokha saola msanga, bambo. Ndi ouma, ndipo tizilombo towoletsa timasowamo chakudya. Phwasulani muluwo muyambirenso. Dulani mapesi ndi chikwanje m'zidutswa za masentimita 10. Yalani mapesi kukhuthala masentimita 20, pamwamba pake masamba aawisi a deliya, gilisidiya kapena masangwe a mtedza masentimita 10, kenako ndowe masentimita 5 ndi kadothi ka m'munda. Thirani madzi pa gawo lililonse, osadikira kuti muthire pamwamba pomaliza chifukwa salowa pansi. Bwerezani mpaka mulu ufike mita imodzi ndi theka. Musanamate, zikani ndodo pakati. Pakatha masiku 4 izuleni: ikatuluka yotentha ndi yonyowa, zinthu zili bwino. Ikatuluka yozizira, ndowe zachepa kapena madzi.

Mayi a ku Dedza: Poonjezera, finyani zinyalalazo m'dzanja. Zikhale zonyowa koma madzi asachite kuchucha. Mukaona nkhungu yoyera ngati phulusa pa mapesi, mulu wauma. Ukamanunkha ngati dzira lovunda, madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa. Mangani pamthunzi, dzuwa la Okutobala limang'amba dothi lomatalo chinyezi n'kuthawa, chiswe n'kulowa. Kaufiti wokhwima ndiye musayerekeze kuponyamo, njere zake sizifa wamba, mudzafesa nokha m'minda ya kalabu yonse.

Wa ulimi wa mthirira, Salima: Ngati mvula yayandikira, chimato sichikupezani. Pangani Mbeya, manyowa osakaniza ndi feteleza. Miyezo imasiyana pang'ono malinga ndi alangizi, koma wofala ndi uwu: makilogalamu 20 a madeya, 20 a ndowe zouma zosefa za nkhuku, mbuzi kapena nkhumba, 10 a phulusa, 10 a feteleza ndi malita 5 a madzi. Sakanizani, thirani m'thumba la pulasitiki losabooka, mangani zolimba, muike pamthunzi masiku 21. Thumba likabooka, mphamvu ya Urea imauluka. Mukamasula, yanikani pamthunzi musanathire. Wa NPK pangani padera wokulitsira, wa Urea padera wobereketsa. Mapesi ajawo awunjikeninso monga anenera a Mlangizi, adzagwira ntchito kudimba.