Droni yaing'ono ndi ukwati wa pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka: ndithandizeni nzeru

Wojambula maukwati wa ku Chilomoni:

Akuluakulu a ntchito yathu, ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo sabata ino. Ndinalandira ntchito yojambula ukwati womwe udzachitike Loweruka lomaliza la mwezi wa mawa, ndipo pogwirizana mtengo ndinalonjeza eni ukwati kuti vidiyo yawo idzakhala ndi zithunzi za m'mwamba, popeza ndinagula droni ya DJI Mini 3 chaka chatha. Theka la ndalama anandipatsa kale. Dzulo ndinapita kukaona malo a madyerero, ndipo ndili chiimire pakapinga pomwe adzamange matenti, ndege inadutsa pamwamba panga ili m'munsi ndithu, matayala ali kunja, ikulunjika ku Chileka. Nditatsegula mapu pafoni ndinapeza kuti malowo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2 kuchokera pomwe msewu woterapo ndege umayambira. Mnzanga wina akuti droni yanga imalemera magalamu osakwana 250, choncho ndi chidole chabe ndipo malamulo saikhudza, bola ndisaikweze kwambiri. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndikabweze ndalama za eni ake?

Mkulu wa situdiyo ya ku Zomba:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa tsikulo lisanafike. Mnzanuyo wamva nkhani m'maluwa. Nambala ya magalamu 250 inachokera ku malamulo a mayiko ena, monga America, komwe munthu wouluza droni yopepuka chotero pongosangalala safunika kuilembetsa, ndipo n'chifukwa chake a DJI anapanga ma Mini kuti alemere magalamu 249. Koma ngakhale komweko, munthu akangolandira malipiro chifukwa cha zithunzizo, droniyo imasiya kukhala chidole n'kukhala chida cha ntchito, ndipo palibe kumene kupepuka kwa droni kumampatsa munthu ufulu woiuluza pakhomo pa bwalo la ndege.

Tiyeni tichite masamu pang'ono, chifukwa ndi amene angakuthandizeni kufotokozera eni ukwati. Ndege ikamatera, kawirikawiri imatsetsereka pa ngodya ya madigiri 3, kutanthauza kuti pa kilomita iliyonse imatsika mamita pafupifupi 52. Ikakhala pa makilomita 5 kuchokera pa msewu wake imakhala m'mwamba mamita osapitirira 300, ndipo pa makilomita 2 pomwe inu munaima imakhala pa mamita pafupifupi 120, popeza imafika poyambira msewuwo ikadali m'mwamba pang'ono. Mamita 120 amenewo ndi omwe mayiko ambiri anaika kuti akhale malire a kukwera kwa droni, ndipo ndi omwenso droni yanu imabwera itatcheredwa kale kufakitale. Ndiye mukuona kuti pamalo amenewo denga lanu ndi njira ya ndege zakumana pamodzi.

Wojambula wa ku Bangwe:

Ndikulemekeza zomwe bambo a ku Zomba anena, koma tisamuopseze kwambiri mnzathuyu. Chithunzi chabwino cha ukwati sichifuna mamita 120. Ine ndimajambula pa mamita 20 kapena 25, pomwe matenti, galimoto ya akwati ndi mzere wa operekeza zimaoneka bwino, ndipo ndege singatsike kufika pamenepo pokhapokha ngati ikugwa. Komanso pulogalamu ya pafoni ikakulola kudzutsa mapiko, ndiye kuti malowo sanatsekedwe. Ndinajambulapo chinkhoswe cha mbali yomweyo ndipo palibe amene anandifunsa kanthu.

Mayi wojambula mapu a minda, Lilongwe:

Achimwene a ku Bangwe, pali zinthu ziwiri zimene ndikusiyana nanu. Choyamba, mapu a m'pulogalamu ya DJI si lamulo la dziko lino. Anawajambula ndi kampani yogulitsa katundu, ndipo kusakukanizani kwawo sikungakuimireni pamaso pa apolisi kapena akuluakulu a za ndege.

Chachiwiri ndi chimene ambiri a ife timaiwala. Inu mumasankha mamita 20 pamene zala zanu zili pa rimoti, koma droni ikataya kulumikizana ndi rimotiyo imadzisankhira yokha chochita. Imayamba kubwerera pomwe inanyamukira, ndipo nthawi zambiri isanabwerere imakwera kaye kufika pa msinkhu womwe munatchera mu Return to Home kuti isagunde mitengo. Tsegulani pulogalamu yanu lero muone nambala yomwe ili pamenepo, mwina mupeza kuti ndi mamita 100 ndipo simunaikhudzepo chigulireni. Zinandichitikira ine m'munda wa chimanga: droni inazungulira kuseri kwa mzere wa mitengo ya bulugamu, chithunzi pafoni chinauma, ndipo ndisanachite chilichonse ndinaiona ikukwera tsonga ngati kabawi, ine nditangogwira rimoti yosamva. Kumundako sikunali vuto chifukwa kumwamba kunalibe kanthu. Pa ukwati pamakhala mafoni mazana, zokuzira mawu zopanda waya, madenga a malata ndi zitsulo za matenti, zonse zotha kusokoneza kulumikizana kapena kampasi ya droni. Kumbukiraninso kuti nambala ya msinkhu yomwe mumaona pafoni imawerengedwa kuchokera pomwe droni inanyamukira, choncho mukanyamukira pa chitunda, mamita 25 anuwo si mamita 25 kwa woyendetsa ndege.

Wojambula amene ali ku Britain:

Ndiwonjezepo za kuno, kuti muone kukula kwa nkhaniyi ngakhale pasachitike ngozi. Mu December 2018 bwalo la ndege la Gatwick linatsekedwa kwa maola oposa 30 chifukwa anthu ananena kuti aona droni pafupi ndi msewu wa ndege. Maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera ndipo anthu pafupifupi 140,000 anavutika, Khirisimasi ili pafupi. Palibe ndege yomwe inagundana ndi droni, kuonedwa kokha kunali kokwanira. Chaka chotsatira boma linakulitsa dera loletsedwa kufika makilomita 5 kuchokera kumapeto a msewu wa ndege. Woyendetsa ndege akaona kanthu kakuuluka kutsogolo kwake sangadziwe kuti ndi Mini ya magalamu 249 komanso kuti mwini wake ndi munthu wosamala, iye amangolengeza kwa a mu nsanja yoyang'anira kayendedwe ka ndege, ndipo ofufuza akafika pamalopo sadzavutika kupeza wojambula wa ukwati wokhawo womwe uli m'deralo.

Wojambula amene ali ku Johannesburg:

Kuno ku South Africa malamulo a droni anayamba kugwira ntchito pa 1 July 2015, ndipo mtunda woletsedwa popanda chilolezo ndi makilomita 10 kuchokera pa bwalo la ndege, komanso mamita 50 kuchokera pa anthu, nyumba kapena msewu. Wojambula molandira malipiro amafunika laisensi ya woyendetsa droni. Ndanena izi kuti mnzathu wa ku Chilomoni aone kuti makilomita 2 ndi pafupi pa muyeso uliwonse umene angasankhe.

Wojambula maukwati wa ku Chilomoni:

Zikomo nonse. Ndatsegula pulogalamu monga ananenera mayi a ku Lilongwe, ndipo Return to Home yanga ilidi pa mamita 100, zomwe zandichititsa manyazi chifukwa ndakhala ndikuuluza chaka chathunthu osadziwa. Tsopano funso langa ndi lakuti, kodi pali njira yopemphera chilolezo, kapena nkhani ya droni pa ukwatiwu yathera pomwepa? Mayi a mkwatibwi ndi amene anaumirira kwambiri za zithunzi za m'mwamba, ndipo ndikuopa kukaonekera kwa iwo chimanjamanja.

Mayi wojambula mapu a minda, Lilongwe:

Njira ilipo, achimwene, ndipo akuluakulu a za ndege m'dziko muno si alendo pa nkhani ya droni. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera ma droni ku Kasungu, lozungulira bwalo la ndege la komweko, ndipo mu 2020 African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuuluza ma droni. Ngati ma droni anauluka mwadongosolo mozungulira bwalo la ndege ku Kasungu, ndiye kuti chimene chimafunika ndi chakuti a mu nsanja adziwe amene ali kumwamba, pamalo pati komanso nthawi yanji.

Lemberani kalata bungwe loyang'anira za ndege, Malawi Civil Aviation Authority, sabata inoyo, musadikire kuti tsiku liyandikire. M'kalatamo mutchule mtundu wa droni, nambala yake ndi kulemera kwake, malo enieni pogwiritsa ntchito manambala a GPS, tsiku, ola loyambira ndi lomalizira, msinkhu womwe simudzaupitirira, komanso nambala ya foni yomwe idzakhale yotsegula tsikulo. Munene poyera kuti ndi ntchito yolipidwa, ndipo mufunse zomwe zikufunika pa kulembetsa droniyo ndi pa chiphaso chanu cha woyendetsa, chifukwa funso limeneli lidzakutsatani pa ukwati uliwonse, ngakhale wa kutali ndi Chileka. Yankho mulandire lolembedwa. Mawu a pakamwa a munthu amene mumadziwana naye kubwaloko sadzakuthandizani zinthu zikavuta.

Mkulu wa situdiyo ya ku Zomba:

Kalatayo ilembedwe ndithu, koma ine ndikanakhala inu sindikanamangirira ukwati wa eni ake pa yankho lomwe silinabwere. Ndipo ngakhale chilolezo chitabwera, ganizirani zomwe mayi a mkwatibwi akufunadi kuona. Kawirikawiri amafuna nthawi ya perekaniperekani, khamu la anthu likuvina ndi ndalama m'manja, ndipo imeneyo ndi nthawi yomwe droni siyenera kukhala pamwamba pa mitu ya anthu. Mapiko ake amacheka khungu, ndipo kamvuluvulu mmodzi wa nyengo yotentha akhoza kukankhira kadroni kopepuka chotero m'tenti. Ndinaonapo wojambula wina atatsitsa droni pafupi ndi lichero la ndalama, mphepo ya mapiko inamwaza ndalamazo pabwalo ponse, ana n'kuyamba kutola, ndipo owerengera ndalama sanamukhululukire.

Pa madyerero mangirirani kamera yaing'ono yokhala ndi gimbal (chogwirira kamera kuti isagwedezeke) ku ndodo yaitali ya mamita 4 kapena 5, muikweze pang'onopang'ono kuchokera pa nkhope za akwati mpaka khamu lonse lionekere. Pa vidiyo yomalizidwa, ochepa okha ndi amene angasiyanitse chithunzi chimenecho ndi cha droni. Droni yeniyeniyo muigwiritse ntchito pa nthawi yojambula akwati ndi operekeza okha, pamalo a kutali ndi bwalo la ndege, mwini malo atavomera.

Wojambula wa ku Bangwe:

Za Return to Home ndavomera, sindinaziganizepo, ndipo yanga ndaitsitsa kale. Ndodo yotereyi ndili nayo, ya kaboni, achimwene a ku Chilomoni akhoza kudzaibwereka Lachisanu la ukwatiwo, bola abwere ndi chomangira chawo cha kamera chifukwa changa chinathyoka.

Wojambula maukwati wa ku Chilomoni:

Ndakumana ndi komiti ya ukwati madzulo ano. Nditawafotokozera za mamita 120 ndi ndege yomwe ndinaiona ndi maso anga, amalume a mkwati ndi amene anayamba kunena kuti safuna apolisi pa ukwati wa mphwawo, ndipo mayi aja anavomera atamva kuti perekaniperekani adzaonekabe kuchokera pamwamba. Tagwirizana kuti tikatuluka m'tchalitchi ku Limbe tidzapita kumunda wa maluwa cha ku Chigumula, komwe ndidzauluze droni akwati ndi operekeza ali okha, ngati yankho la akuluakulu a za ndege lidzakhale litafika. Likapanda kufika ndidzachotsa gawo la mtengo lomwe ndinawerengera droni, ndipo zimenezi tazilemba pa pepala la mgwirizano, onse awiri tasaina. Kalata ndaimaliza, ndikaipereka Lolemba m'mawa. Achimwene a ku Bangwe, chomangira ndili nacho, ndidzafika Lachisanu cha m'ma 4 koloko.