Ayoni olemera 18 akuchepa mu modelo yanga ya 67P

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Sabata yachiwiri ino ndikulimbana ndi modelo ya pakompyuta ya mpweya wozungulira nyenyezi yamchira ya 67P. Ndinalemba kuti kuwala kwa dzuwa kumachotsa elekitironi pa molekyu ya madzi n'kupanga H2O+, yomwe ndi ayoni (molekyu yokhala ndi chaji ya magetsi) yolemera 18 pa muyezo wa maatomu, ndipo H2O+ ikagundana ndi madzi ena pamatuluka H3O+ ndi OH. Pafupi ndi phata la nyenyeziyi, ayoni olemera 19, omwe ndi H3O+, ndiwo akuchuluka, monga mmene chombo cha m'mlengalenga cha Giotto chinapezera pa nyenyezi yamchira ya Halley mu 1986. Koma ndikayerekeza ndi zimene chombo cha Rosetta chinayeza pa 67P cha mu Ogasiti 2015, nyenyeziyi itayandikira dzuwa, pa 18 ine ndikupeza zochepa zedi. Polakwika sindikupaona.

A Chirwa: Achemwali, liwiro la kugundanako mwalitenga kuti? Ngati ndi la Langevin lokha (fomula yosawerengera mbali ya pozitivi ndi ya negetivi ya molekyu), ndiye kuti n'lotsika. Molekyu ya madzi ili ndi mbali ya pozitivi ndi ya negetivi, choncho imakoka ayoni mwamphamvu, makamaka mpweya ukazizira.

Tadala: Zikomo bambo, ndakonza. Komatu zangoipiraipira. H2O+ ikutha msanga kuposa kale, 18 yatsikanso.

Mayi Nkhoma: Mpake kutsika. Kukonza kwa a Chirwa n'kolondola, musakuchotse. Funso langa ndi ili: ndani anakuuzani kuti chilichonse cholemera 18 ndi H2O+? Amoniya muli nayo pamndandanda?

Tadala: Ayi mayi. Ndinaisiya poona kuti ndi yochepa, mwina gawo limodzi pa 100 la madzi, kapena kucheperapo.

Mayi Nkhoma: Apo ndi pamene pagona vuto. Kuchepa kwake kusakunyengeni. Madzi amagwira pulotoni ndi mphamvu ya 691 kJ/mol, amoniya 854. Ndiye H3O+ ikangokumana ndi amoniya (NH3), pulotoni imasamuka, pamatsala NH4+ ndi madzi. Ikafika pamenepo sibwereranso, chifukwa madzi alibe mphamvu yoilanda. NH4+ imangokhala mpaka itakumana ndi elekitironi kapena itauluzidwira kutali. Mpweya ukakhala wothithikana, ngati mmene unalili miyezi imeneyo, H3O+ imagundana ndi mamolekyu ambirimbiri isanathawe, ndipo mwayi wokumana ndi amoniya umakula. Chipangizo cha DFMS pa Rosetta chinkatha kusiyanitsa ziwirizi: H2O+ imalemera 18.010, NH4+ 18.034. Nthawi zonse ndimauza ophunzira anga kuti ayoni wochuluka sachokera kwenikweni ku mpweya wochuluka. Taonani Mars: mpweya wake ndi CO2, koma ayoni wochuluka kumtunda ndi O2+.

A Chirwa: Ndavomera, ine ndinathamangira liwiro. Muikemonso methanol ndi HCN (hydrogen cyanide), nazonso zimalanda pulotoni ku H3O+ n'kuipatsira amoniya.

Tadala: Ndaika zitatu zonse, ndayendetsanso modelo. Mzere wa 18 wakwera ndithu, ndipo wagawika pawiri. Chatsala n'kutentha kwa maelekitironi. Ndinangoika nambala imodzi paliponse, pomwe pafupi ndi phata madzi amawaziziritsa, n'kuchititsa kuti azigwirana ndi ayoni msanga. Mawa ndiyamba chimenecho. Mayi Nkhoma, ndikutumizirani magirafu usiku uno muwaone.