Za ana ndi zizindikiro za Khirisimasi: pomwe tafika

Mwezi watha ndinafunsa kuti ndingawaphunzitse bwanji ana anga tanthauzo lachikhristu la zinthu zomwe amaziona pa Khirisimasi, popeza iwo mitima ili pa mphatso basi. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Chathandiza kwambiri ndi kakhola ka Yesu. Tinakapanga limodzi ndi makatoni tikuwerenga Luka 2, ndipo ndinawauza kuti mwambowu anautchukitsa ndi Francis wa ku Assisi mu 1223 ku Greccio, m'dziko la Italy. Anzeru akum'mawa tawaika patali. Ana amawasendeza pang'ono tsiku lililonse mpaka adzafike pakhola pa 6 Januwale, tsiku lokumbukira kufika kwawo. Mwana wanga wamkulu anadabwa kuti Mateyu 2 sanena kuti anali atatu, amangotchula mphatso zitatu: golide, lubani ndi mure.

Za Santa Claus ndawafotokozera kuti nkhani yake inachokera kwa Nicholas, bishopu wa ku Myra (ku Turkey wa lero) m'zaka za m'ma 300, yemwe amakumbukiridwa pothandiza osauka mwamseri. Tsopano aliyense akusankha woti am'patse kanthu mosadzionetsa.

Mtengo wa Khirisimasi sindinaupachikire vesi ayi. Ndangowauza kuti ndi mwambo wochokera ku Germany, suli m'Baibulo.