Ndigulitse VX ndigule galimoto ya magetsi? Ndimakhala ku Nchalo

Mlimi_wa_Nchalo

Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Land Cruiser VX V8 ya dizilo, ndayenda nayo zaka 7 ndipo galimotoyo ilibe mlandu ayi, amene ndatopa ndine. Ndatopa ndi kugona pamzere, kutuma anyamata ndi zigubu, tsiku lina ndinakhala pa filling kuyambira 4 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa akungoti thanki ili m'njira, munthu ndi imvi zanga kumadyera mandasi m'galimoto ngati kondakitala. Ndiye mwana wanga wa ku UK akuti adadi gulitsani chimenecho mugule ya magetsi, wanditumizira zithunzi za BMW iX, Mercedes EQE SUV ndi Audi Q8 e-tron, zonse second hand, chiwongolero cha kumanja ngati zathu zomwezi. Maulendo anga ndi kumunda tsiku ndi tsiku, ku Blantyre kawiri pa sabata, nthawi zina ku Nsanje kwa apongozi, Lilongwe mwina kamodzi pa miyezi itatu. Sindikufuna kagalimoto kakang'ono, msana wanga unazolowera mpando wabwino ndi AC yozizira. Pa zitatuzi ndi iti ingapirire kuno kuchigwa?

Fundi_wa_Ngabu

Bwana mwayambira kumchira. Musanafunse kuti BMW kapena Benz tiuzeni kaye kunyumba kwanu magetsi ndi otani, single phase (a m'nyumba wamba) kapena three phase (amphamvu aja oyendetsa makina akuluakulu)? Chifukwa filling yanu kuyambira tsiku limenelo ikhala pakhonde panu pomwepo. Ine ntchito yanga ndi ya mawaya ndi masola ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Magalimoto mwatchulawo mabatire ake ndi akuluakulu, EQE SUV ndi cha m'ma 90 kWh, iX xDrive50 ndi Q8 e-tron 55 zimapitirira 100 kWh, ndipo kWh imodzi ndi yuniti imodzi yomweyo timagula ya prepaid ija. Mukangolumikiza pa soketi wamba ya m'nyumba mumapeza 2.3 kW basi, kutanthauza kuti kudzaza batire la 100 ndi maola opitirira 40, masiku awiri galimoto ili chiimire ngati nkhuku yofungatira mazira. Mukaika tchaja ya pakhoma ya 7.4 kW pa single phase ndi maola 14, ya 11 kW pa three phase maola 10. Koma ya 7.4 ija imakoka ma amp 32 usiku wonse osapuma, mawaya a nyumba zambiri kuno sanaikidwire zimenezo, pamafunika waya wake wokha kuchokera pa DB, bokosi logawa magetsi m'nyumba lija, breaker yake ndi earth yabwino osati ija yongokhomera kachitsulo kuseri kwa bafa.

Chosangalatsa n'choti simudzaza kuchokera pa ziro tsiku lililonse. Zigalimoto zikuluzikuluzi zimadya mayunitsi 20 mpaka 25 pa makilomita 100. Nchalo kupita Blantyre ndi kubwerera ndi pafupifupi makilomita 160, ndiye mayunitsi 40 akwana, maola 5 kapena 6 pa tchaja ya pakhoma. Tengani mtengo wa mayunitsi 40 muyerekeze ndi malita 20 a dizilo amene V8 imamwa paulendo womwewo, muona nokha. Ndipo dzuwa limene timalidandaula kunoli ndi ndalama, mapanelo 10 a 550W amakupatsani mayunitsi opitirira 20 patsiku, ndiwo makilomita pafupifupi 100 aulere. Vuto lake galimoto izikhala pakhomo masana, apo ayi mugulenso mabatire a m'nyumba ndipo amenewo ndi bajeti ina.

Che_Bangula

kkkk achimwene musanamizidwe ndi masamu a afundiwa, papepala zonse zimayenda bwino. Mwaiwala January 2022? Namondwe Ana atabwera siteshoni ya magetsi ya Kapichira inaima yonse, ma megawatt pafupifupi 130 kuchoka pa gridi nthawi imodzi, dziko lonse mumdima ndipo inadzayambanso mu 2023. Ndiye taganizani nthawi imeneyo muli ndi chigalimoto cha mamiliyoni chili pakhonde chikudikira magetsi abwere 11 koloko usiku azimenso 4 m'mawa. Dizilo akasowa umakagula kwa mavenda ngakhale modula, nanga magetsi ungawathire m'chigubu? Kenako March 2023 namondwe Freddy, misewu kuduka, madzi m'maondo. Ife a kuno galimoto timaiyesa nthawi ya dzinja osati pa tala wa ku Chichiri. VX mumadutsa nayo matope a ku East Bank kupita ku Fatima, iX ija imalemera matani awiri ndi theka, batire lili pansi pamimba, matayala ma 21 kapena 22 inchi opyapyala ngati mphira wa legeni ndipo zambiri sizibwera ndi sipeya. Likaphulika pa Sorgin mulipeza kuti? Makaniko wa pansi pa mtengo sangaigwire, ija ndi kompyuta yoyenda, mkati muli ma volt 400. Komanso tsiku lofuna kugulitsa, VX ngakhale itakalamba bwanji ogula amachita kulimbirana, ya magetsi ya zaka 10 adzagula ndani?

NyaThabwa

A Che_Bangula zina mwanena zoona koma zinazo ndi mantha chabe. Ine ndikuyendetsa ya magetsi chaka chachiwiri tsopano, si yapamwamba ngati akufuna bambowa koma msewu ndi womwewu, ndimagwira ntchito ku Blantyre weekend iliyonse ndimatsikira kumudzi ku Chikwawa. Nthawi ya mizere ija ine ndinkangodutsa anthu atagona m'magalimoto, mpaka ndinkachita manyazi kuwayang'ana.

Bambo, chimene mudzakonde ndi phiri lija. Kuchokera ku Blantyre kutsikira pa Thabwa mumatsika mamita pafupifupi 900, pa dizilo mumaponda mabuleki mpaka kununkha, pa ya magetsi mukangochotsa phazi mota ndi imene imagwira galimoto n'kumabweza magetsi m'batire, mumafika pa Kamuzu Bridge batire lili pomwe linali kapena litakwerako pang'ono, tsiku loyamba ndinkaganiza kuti geji yawonongeka. Koma musadzaze 100% mukamanyamuka kumtunda, batire likadzaza lilibe poika magetsi obwererawo ndiye mabuleki amagwira okha ntchito yonse. Pokwera ndiye imadya ndithu, galimoto yolemera ngati iX iwonjezera mayunitsi 6 kapena 7 chifukwa cha phiri lokha, koma mphamvu yake eee, malole a shuga aja mumawapitirira ngati aima.

Mdani weniweni kuno si madzi, ndi kutentha. October ndi November timafika madigiri 40 kupitirira ndipo batire la lithium limakalamba msanga likamakhala lodzaza padzuwa. Zitatu mwatchulazo zonse mabatire ake amaziziritsidwa ndi madzi ake apadera ndiye zili bwino, zoti muzipewe ndi zija zopanda choziziritsira ngati Nissan Leaf zakale, kumalo otentha zimaguga msanga. Muzitchaja kulekeza 80% masiku wamba, muziimika pamthunzi, mangani shedi ngati mulibe. Ndipo ma 600 km amalemba pa intaneti aja ndi a ku Ulaya, inu ndi AC yofulu ndi liwiro la pa M1 chotsaniko gawo limodzi mwa magawo anayi. Pogula mwana wanuyo aumirire lipoti la thanzi la batire, amati state of health, likhale 90% kupita m'mwamba. Waranti ya batire nthawi zambiri ndi zaka 8 kapena makilomita 160,000 koma afunse bwinobwino ngati ikugwirabe ntchito galimoto ikatuluka m'dziko lawolo. China, pulagi. Za ku UK ndi ku South Africa ndi Type 2 ndi CCS2, za ku Japan zambiri ndi CHAdeMO, zochokera ku China mwachindunji ndi GB/T, musasakanize mungalire.

Za madzi, ilibe poyamwira mpweya ngati injini ndiye madzi ochepa siizima, koma ikamira ndithu batire lija ndi ngozi ya moto, imeneyo musaiyese dala.

Kabaza_Boss

Ine ndingoponyako kamodzi, bwanji plug-in hybrid madala, ija ya batire lotchaja ndi injini ya petulo pamodzi? BMW X5 xDrive50e kapena Range Rover Sport ya plug-in, pa magetsi okha zimayenda makilomita 80 mpaka 100, kumunda ndi pa Nchalo pomwepo simugula mafuta, wa ku Lilongwe mumathira petulo basi. Kuchoka kwanuko kukafika Lilongwe ndi pafupifupi makilomita 400, pa ya magetsi yeniyeni mukafika mtima uli m'mwamba ndipo mukafikako mutchaja kuti, mwakonza kale?

Fundi_wa_Ngabu

Hybrid yo ndiye mwakwatira mitala aise, injini ifuna oyilo ndi mafyuluta, batire nalo lifuna zake, ndipo petulo akasowa mwabwereranso pamzere womwe mukuthawawo. A Che_Bangula, za Kapichira ndi chifukwa chake ndikunena sola, nthawi imene ija makasitomala anga a sola mafiriji awo sanazime. Koma pa za matayala ndi makaniko ndikugwirizana nanu, pamenepo palibe bodza. Bwana ngati thumba likulola VX isapite, ikhale ya dzinja, ya ku East Bank ndi ya Lilongwe, thanki imodzi izikhala mwezi wathunthu. Ya magetsi izigwira Nchalo Blantyre ndi Nsanje, amenewo ndi maulendo 9 pa 10 alionse. Pa zitatuzo ine ndingatenge imene ili ndi air suspension yokweza mimba ndi marimu ang'ono kwambiri amene angapezeke, ma 19 kapena 20, dzina la kampani libwere pambuyo. Ndipo matayala awiri apadera abwere limodzi ndi galimotoyo, osadikira liphulike.

Mlimi_wa_Nchalo

Takhuta nonse, mwanditsegula m'maso. Ndakayang'ana mita, kunyumba ndi single phase koma kumunda kuli three phase ya mapampu a madzi ndipo galimoto imakhala kumeneko kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko, ndiye mwina tchaja ikakhale kumundako pansi pa shedi, mapanelo pamwamba pake. Mayi akunyumba amva zoti VX itsala asangalala, akuti ankadabwa kuti kumaliro ku Makhanga tizidzapita pa chiyani. Mwana ndamuuza asiye kaye iX ya marimu 22 ija, afufuze Q8 e-tron 55 ya marimu ang'ono ndi lipoti la batire, za msonkho ndikafunsa agent wanga wa clearing Lachiwiri ndikakwera ku Blantyre. A Fundi ndilembereni ku inbox mubwere mudzaone mawaya a kumundako Loweruka. A NyaThabwa inshuwalansi yanu munadula comprehensive, ndipo batire analiwerengera momwemo kapena padera?