Kodi munthu wachikulire amene watsitsa masiki pamzere tingamuuze bwanji? (Zokambiranazi zinachitika nthawi ya mliri wa Covid-19.)

Mayi wa ku Chilomoni:
Loweruka lapitali ndinakagula shuga, mafuta ophikira ndi sopo m'sitolo ina yaikulu muno mu Blantyre, ndipo popeza kunali kumapeto kwa mwezi, mzere wokalipira unafika mpaka kumene amaika buledi. Pakhomo mlonda anatiyeza kutentha kwa thupi ndi kutithira sanitayiza m'manja, koma titalowa, bambo ena achikulire amene anali kumbuyo kwanga anatsitsa masiki awo mpaka pachibwano, nayamba kutsokomola ataima pafupi kwambiri moti ndinkamva mpweya wawo pakhosi panga. Ndinalephera kulankhula chifukwa ndi a msinkhu wa bambo anga, komatu kunyumba ndikusamalira amayi anga omwe ali ndi matenda a shuga. Kodi ndikanatani?

Bambo wa ku Ndirande:
Mayi, mantha anu ndi omveka. Pa 12 Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi chifukwa cha Covid-19, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo tsiku lomwelo Pulezidenti wa nthawiyo, a Chakwera, analengeza kuti dziko lili pangozi. Ine ndimayamba ndi moni, kenako ndimati, "Pepani bambo, kunyumba ndili ndi wodwala, ndimapempha kuti mukweze masikiwo afike pamphuno." Munthu wamkulu sakonda kudzudzulidwa pagulu, koma mukamupempha motsitsa mawu ndi kutchula wodwala wanuyo, kawirikawiri amamva msanga. Akakana, ikani basiketi yanu pansi pakati pa inu ndi iwo kuti mutalikirane mita imodzi, kapena muwalole adutse.

Wogwira ntchito polipiritsa, ku Limbe:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Ndirandewa, koma musaiwale kuti udindowu si wanu nokha. Mu Ogasiti 2020 boma linaika lamulo loti aliyense azivala masiki pagulu, ndipo chindapusa chake chinali K10,000, choncho mukhoza kuitana mlonda kapena woyang'anira sitolo kuti alankhule ndi wotsitsa masikiyo. Ife timakhala pampando umodzi tsiku lonse tikukumana ndi aliyense wolowa, ndipo chimene chimatipweteka kwambiri ndi makasitomala amene amatsitsa masiki kuti anyambite chala powerenga ndalama, kenako n'kutipatsa ndalamazo. Ena amafinya malofu asanu asanasankhe imodzi, pamene ena amabwera banja lonse kudzagula katundu amene munthu mmodzi akanatha kunyamula. Lembani zogula zanu musanachoke kunyumba, mubwere m'mawa pakati pa sabata, ndipo kumene amalola, lipirani ndi khadi, Mpamba kapena Airtel Money.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Zoika basiketi pakati sindinaziganizepo, ndipo ndikayesa Lachiwiri m'mawa. Nditafika kunyumba tsiku lija ndinasamba m'manja ndi sopo ndisanalowe kuchipinda kwa amayi, ndipo mpaka pano ndikuvalabe masiki powapatsa chakudya.